Pa kampeni tumizani mawu, osati makanema ataliatali

Inu amene mukuthandiza ofuna uphungu kapena ukhansala, musathere ndalama pa makanema ataliatali a pa Facebook. Ovota ambiri kumudzi amagula bandulo ya WhatsApp yokha, ndipo kanema wa mphindi 10 amangomudumpha poopa kuti bandulo itha. Jambulani mawu a woimirayo, osapitirira mphindi imodzi, m'chiyankhulo cha kuderalo: Chiyao ku Mangochi, Chitumbuka ku Rumphi, Chisena ku Nsanje. Ngakhale agogo osadziwa kuwerenga amamva nawo foni ikamalira pachigayo kapena pamjigo.

Chofunika kwambiri, woimirayo ayambe ndi kutchula dzina lake, dera ndi tsiku limene akujambula mawuwo. Uthenga ukadutsa m'magulu angapo a pa WhatsApp, palibenso amene amadziwa komwe unachokera, ndipo anthu oipa mtima amaudula pakati kuti umveke mwina. Choncho ikani uthenga wathunthu pa tsamba lanu la Facebook, ukhale umboni.

Uthenga umodzi, nkhani imodzi: mlatho, feteleza kapena mankhwala pachipatala.

Kumbukiraninso kuti kampeni imatsekedwa kutatsala maola 48 kuti kuvota kuyambe. Zimene munakonzeratu kuti zizituluka zokha pa tsamba, zimitseni nthawiyo isanakwane.