Musanalipire fizi ku koleji ya zisudzo, akuonetseni kaye poyeserera

Zotsatira za MSCE zikangotuluka, pakhomo panga sipatha alendo. Ndimaphunzitsa Chichewa ndi Chingerezi pa sekondale ina yoyendera kuno ku Santhe, ndipo kalabu ya zisudzo ya pasukulupa yakhala m'manja mwanga zaka 12 tsopano. Ana anga akale amafika kapepala ka mapointi kali m'thumba, n'kukhala pakhonde. "Aphunzitsi, ine mtima wanga uli pa zisudzo basi. Ndilowere kuti?" Akabwera ndi makolo, funso limasintha: "Kodi aphunzitsi, zimenezi munthu n'kudyerapo?" Zimene ndimawayankha pakhondepo ndi zimene ndikulemba pano, kuti nawonso a ku Chamama, kwa Chulu kapena ku Nkhamenya azimve.

Ndiyambe ndi mtsikana wina amene nkhani yake imandiwawabe. Ali Fomu 3 anasewera ngati gogo m'sewero lathu lina lodzudzula maukwati a ana. Anangomanga mpango, n'kuwerama pang'ono, dzanja lina pachiuno, basi amayi amene anali pabwalo anayamba kupukuta misozi ndi nsonga za zitenje. Mawu ake ankafika mpaka kwa anyamata amene anakwera mumtengo wa mango kumapeto kwa bwalo, popanda chimkuzamawu. Pa Fomu 4 Chingerezi chinamuvuta, anapeza 7. Kenaka anaona pa Facebook chilengezo cha koleji ina ya m'tauni, cha zithunzi zokongola, cholonjeza dipuloma ya zisudzo ndi mafilimu. Bambo ake atagulitsa fodya ku Chinkhoma, ndalama ya mabelo atatu inapita kumeneko nthawi imodzi.

Atabwera kutchuthi chachiwiri ndinamufunsa kuti, "Mwachita masewero angati mpaka pano?" Anazyolika. "Palibe, aphunzitsi. Timangokopera notsi." Ndinakwera basi kukaona ndekha. Ndinapeza zipinda ziwiri pamwamba pa sitolo, madesiki ali thithithi, popanda ngakhale malo oti anthu atatu atambasule manja. Kamera ya pa chithunzi ija inali yobwereka. Chilengezocho mwanayo anandionetsa asanapite, ine n'kungoti "zikuoneka bwino" osadzuka kukaona. Mlandu wina ndi wanga, ndipo n'chifukwa chake nkhaniyi sindiitenga mopepuka.

Musanafunse za koleji, dzifunseni nokha kuti zisudzo mukuzifunazo n'ziti. Pali za pasiteji, zimene anthu amalipira pakhomo, monga zimene ankachita a Kwathu Drama Group masiku a John Nyanga ndi Eric Mabedi. Pali za pawailesi, zimene nkhope yanu ilibe ntchito koma mawu okha. Pali za pakanema ndi mafilimu. Ndiye pali zisudzo zachitukuko, zopita nazo kumudzi kukakambirana ndi anthu za umoyo, za sukulu, za nkhanza. Kunena mosabisa, m'dziko muno ntchito yambiri yolipidwa ili ku mbali yomalizayi ndi ku wailesi. Mabungwe monga Story Workshop ku Blantyre ndi CRECCOM ku Zomba akhala akugwiritsa ntchito masewero pofikira anthu kwa zaka zambiri. Ntchito yotereyi imafuna munthu wodziwa kufufuza nkhani m'mudzi, kuiluka kukhala sewero, kutsogolera zokambirana pabwalo ndi kulemba lipoti pomaliza. Ndiye koleji imene ingakuphunzitseni kulira ndi kuseketsa kokha yakupatsani khasu lopanda mpini. Makolo akandifunsa za kudyerapo, yankho langa limachokera pamenepa.

Tsopano za Zomba. Munthu akatchula maphunziro a zisudzo m'Malawi muno, maso amayamba alunjika ku Chancellor College, Chanco, imene kuyambira 2021 inatsala ndi dzina loti University of Malawi makoleji ena ataima paokha. Kumeneko zisudzo zakhala zikuphunzitsidwa kwa zaka zambiri, ndipo ndi kwawo kwa Chancellor College Travelling Theatre, gulu la ophunzira limene linkayenda ndi masewero m'masukulu ndi m'midzi. Akadaulo monga Chris Kamlongera, David Kerr ndi Mufunanji Magalasi anaphunzitsa pamenepo, ndipo zisudzo zachitukuko zija mizu yake yambiri ili pomwepo. Pali Little Theatre ndi Great Hall, kutanthauza kuti poseweretsa alipo.

Khomo lolowera ndi limodzimodzi la mayunivesite onse a boma. Pamafunika makirediti 6 a MSCE, Chingerezi chili momwemo, ndipo mumafunsira malo kudzera ku NCHE, bungwe loyang'anira maphunziro apamwamba m'dziko muno, likatulutsa chilengezo. Kirediti ndi giredi 6 kapena yoposa pamenepo, choncho 7 ya mtsikana wanga uja inatseka khomo ngakhale maphunziro ena anakhoza. Makirediti 6 amangokulowetsani pampikisano, malo amapita kwa amene mapointi awo ndi ochepa. Chilengezo cha chaka chimene mukufunsiracho muchiwerenge mzere ndi mzere, chifukwa maina a maphunziro ndi zofunika zake zimasintha. Pafomu musangolemba zimene mnzanu walemba. Onani kuti pulogalamu imene mwasankhayo zisudzo zilimo kufikira chaka chomaliza.

Ndimachenjezanso ana anga kuti digiri ndi zaka 4, ndipo kuwerenga kumachuluka kuposa m'mene amaganizira. Mudzawerenga masewero a olemba a ku Africa kuno ndi akunja, mbiri ya zisudzo, mudzalemba maesee usiku. Mnyamata amene buku limamugonetsa tulo aganize kawiri. Koma amene angapirire amatuluka ndi zinthu ziwiri, luso ndi pepala lodziwika, ndipo pepalalo limatsegula makomo a mabungwe, a wailesi ngakhale a maphunziro apamwamba kunja.

Nanga makoleji omwe si a boma? Alipo abwino, alipo a chikomekome cha mkuyu. Poyambira ndi pepala. NCHE imatulutsa mndandanda wa makoleji ndi mayunivesite ovomerezeka, komanso maphunziro amene avomerezedwa pa koleji iliyonse. Apa mpamene ambiri amagwa: sukulu ikhoza kukhala pamndandanda chifukwa cha maphunziro a zamalonda, pomwe a zisudzo amene akukuitanirani sanavomerezedwe. Funsani dzina la pulogalamu yanuyo, mulione ndi maso anu pamndandandawo. Ngati ndi sukulu ya ntchito zamanja ndi luso, funsani kalata yawo ya ku TEVETA. Akayamba zoti "zili m'njira" kapena "bwana watuluka ndi kiyi", tsanzikani mwaulemu.

Pepala likakhala bwino, pitani komweko. Musatume munthu, musakhutire ndi foni. Kuchokera pa Kasungu boma kukafika ku Lilongwe ndi makilomita pafupifupi 130, ndipo wa ku Zomba kapena ku Blantyre ndi ulendo wa tsiku lonse kudzera ku Dedza ndi ku Ntcheu. Thiransipotiyo imawawa, koma siifika pa mtengo wa belo limodzi la fodya. Musankhe tsiku la pakati pa sabata sukulu ili mkati, osati tsiku limene iwo akonzera alendo.

Mukafika, mawu anu oyamba akhale akuti, "Tionetseniko kumene ana amayeserera." Chipinda chophunziriramo zisudzo chimadziwika msanga. Chimakhala chopanda madesiki pakati, pansi pake posesedwa bwino, nsapato zili mulu pakhomo. Mukapeza kalasi ili mkati mudzaona anthu ali chigonere pansi, dzanja pamimba, akuphunzira kupuma. Ena akutchula mawu amodzimodzi kakhumi, mphunzitsi ataima kukhoma lakutali akuti, "Sindinamve, bwerezanso, koma usakuwe." Ena akuyenda mozungulira, akusintha mayendedwe kuchoka pa a mwana kufika pa a nkhalamba. Thukuta limakhalapo. Wosadziwa akhoza kuyesa chibwana, koma luso limaphunziridwa choncho, ndi thupi, ndi mpweya, tsiku ndi tsiku. Sikuti payenera kukhala holo ya magetsi amitundumitundu ayi. Ngakhale bwalo la pansi pa mtengo likwanira, bola likhale loti likugwiradi ntchito.

Kenaka funsani kuti sewero lomaliza anachita liti, kuti, ndipo anaonera ndani. Aphunzitsi oona amayankha mosangalala, mwina mpaka kukutulutsirani zithunzi ndi mapepala a sewerolo odzaza ndi zolembalemba za bolopeni. Funsaninso kuti aphunzitsiwo anasewerapo kapena kutsogolerapo masewero kuti. Dziko lathu ndi laling'ono, ochita zisudzo amadziwana. Munthu amene anagwirapo ntchito ndi Nanzikambe Arts kapena Solomonic Peacocks ku Blantyre, kapena anamvekapo m'masewero a pa MBC, n'zosavuta kutsimikiza. Muonenso kuchuluka kwa ana m'kalasi. Pa anthu 80 mphunzitsi ali mmodzi, mpata woti inu muime pakati n'kukonzedwa ungadzakupezeni kamodzi pa teremu. Ngati akulonjeza za mafilimu, kamera, maikolofoni ndi kompyuta yolumikizira zithunzi muzigwire ndi manja, ndipo mufunse kuti wophunzira amaloledwa kuzigwiritsa ntchito kangati.

Mukatuluka mu ofesi musathamangire kudepoti. Khalani pa chiwaya cha tchipisi chapafupi ndi geti, mudikire ophunzira atuluke. Mugulireni mmodzi mbale, mucheze. Aphunzitsi amabwera masiku onse? Amene anamaliza chaka chatha analandira mapepala awo? Ali kuti pano? Zimene mungamve pa chiwaya pa mphindi 20 simungazimve mu ofesi tsiku lonse.

Pali chinthu china chimene ndimachiikira mtima kwambiri, mwina chifukwa ndine mphunzitsi wa Chichewa. Ife a kuno sitipita ku koleji chimanjamanja. Tinakulira pabwalo, pamene oonera amazungulira mbali zonse ndipo wovina amadziwa kuti kumbuyo kwake kulinso maso. Tinamva nthano za agogo, anthu akuvomera kuti "tili tonse". Timadziwa ng'oma, chimtali, mganda. Gule Wamkulu amene ena amamuyang'ana monyoza, bungwe la UNESCO linamulemekeza mu 2005 ngati chuma cha dziko lonse lapansi. Choncho mukamacheza ndi aphunzitsi a kolejiyo, funsani ngati ana amaloledwa kupeka masewero m'Chichewa ndiponso ngati magule ndi nthano zathu zili m'maphunziro. Sukulu imene iseka kalankhulidwe kanu ka ku Kasungu n'kumafuna kuti muzilankhula ngati munthu wa m'filimu ya kunja idzakuchotsani chimene munabwera nacho. Kumbukirani kuti filimu ya moyo wa William Kamkwamba wa kwa Wimbe, imene inatuluka mu 2019, anaijambulira konkuno ndipo mbali yaikulu ya zolankhula zake ndi ya m'Chichewa. Chingerezi chiphunzireni ndithu, mudzachifuna powerenga, polemba ndi pofunsira ntchito, koma chikhale chowonjezera pa chanu.

Za ndalama, werengerani zonse pakope: fizi, lendi, chakudya, thiransipoti ya kutchuthi, mabandulo a intaneti, zosindikiza. Kuno ndalama imabwera kamodzi pachaka, fodya, soya kapena mtedza zikagulitsidwa, pomwe sukulu imafuna yake nthawi iliyonse yotsegulira, ngakhale mu Januwale pamene pakhomo pali gwa. Gawani ndalamayo nthawi yokolola yomweyo. Lipirani teremu imodziimodzi, kudzera ku akaunti ya kubanki ya sukulu osati pa nambala ya foni ya munthu, ndipo lisiti muisunge. Amene mwapeza malo pa sukulu yovomerezeka koma kwanu n'kosowa, funsirani ngongole ku Higher Education Students' Loans and Grants Board nthawi yake isanadutse. Ndi ngongole, mudzabweza mukamaliza.

Za kunja ndingodutsapo mwachidule, poti ndi ochepa amene angakwanitse poyamba pomwe. Ku Johannesburg kuli Wits University ndi Market Theatre Laboratory, ku Kampala kuli Makerere University, ndipo ku Bagamoyo m'dziko la Tanzania kuli sukulu yakale ya zaluso. Masukulu ambiri a zisudzo akunja amafuna kukuonani mukusewera asanakutengeni, ndiye khalani ndi tizigawo tiwiri ta sewero toloweza bwino, kena kachisoni kena kosangalatsa. Lemberani sukuluyo mwachindunji. Munthu wapakati wofuna ndalama kuti "akupezereni malo" musamupatse kanthu.

Mapointi akakana, njira sinathe. Mukhoza kulembanso mayeso, makamaka ngati chavuta ndi phunziro limodzi. Mukhoza kulowa uphunzitsi, pa Kasungu TTC pompa, n'kukayambitsa kalabu kumene mukagwire ntchito. Mukhozanso kulowa gulu la zisudzo lokhazikika n'kumaphunzira pogwira, kwinaku mukuthamangira maphunziro afupiafupi amene magulu ndi mabungwe amachititsa. Du Chisiza Jr anayamba kudziwika ali mwana wa sukulu pa HHI ku Blantyre, pa mpikisano wa zisudzo wa masukulu a sekondale. Ku America anapita pambuyo pake, n'kubwerako kudzayambitsa Wakhumbata Ensemble Theatre mu 1987. Ndiye inu amene mudakali pasukulu, mipikisano ya zisudzo ya ATEM, bungwe la aphunzitsi a Chingerezi, ndi ina yotere musaiphonye, ndipo sewero lililonse limene mwachita mulijambule ngakhale ndi foni, mulembe tsiku, malo ndi mbali imene munasewera. Tsiku lina wina adzakufunsani umboni.

Mtsikana uja anasiya kolejiyo, n'kubwerera kudzalembanso Chingerezi. Masana amathandiza mayi ake kumunda, Lachitatu ndi Lachisanu madzulo amabwera kudzaphunzitsa ana a Fomu 1 kapumidwe ndi katulutsidwe ka mawu, ndipo fomu ya NCHE tidzalembera limodzi pakhonde pomwepa. Sabata yamawa ndikukwera minibasi ndi mnyamata wina wa kalabu yathu pamodzi ndi amalume ake, kukaona koleji ina imene waipeza pa foni. Amalumewo anafuna kunyamuliratu fizi. Ndawapempha kuti ndalamayo aisiye kunyumba, atenge ya thiransipoti, ya tchipisi, ndi kope lolembamo mayankho.