Chimbudzi chikauma, fufuzani kaye chimene chachiumitsa

Pa kapepala kopezeka m'bokosi la mankhwala, pamene amalemba zovuta zimene mankhwalawo angabweretse, kawirikawiri pamakhala mawu akuti constipation, ndiko kuuma kwa chimbudzi. Achipatala amawalembanso m'kabuku ka wodwala. Mawuwa anachokera ku Chilatini, ku mneni wakuti constipare, kutanthauza kupanikiza zinthu pamodzi mpaka zithithikane. Ndiye mukaona mankhwala olembedwa kuti ndi constipating, dziwani kuti amaumitsa chimbudzi.

Chakudya chikagayidwa, zotsalira zimalowa m'matumbo aakulu zili zamadzimadzi. Matumbowa, otalika pafupifupi mita 1.5, ntchito yake ndi kuyamwa madziwo. Zotsalira zikayenda pang'onopang'ono, madzi amayamwidwa mopitirira, chimbudzi n'kutuluka chatimibulu ngati cha mbuzi. Sikuti munthu aliyense ayenera kupita kuchimbudzi tsiku ndi tsiku. Vuto lilipo ngati mukupita kosakwana katatu pa sabata, mukuchita kudzikakamiza kwambiri, kapena mukuchokako mukumvabe kuti zina zatsalira.

Yambani ndi mankhwala amene mukumwa, chifukwa apa ndi pamene ambiri sayang'anapo. Mapiritsi oonjezera magazi amene amayi oyembekezera amalandira kusikelo amaumitsa m'mimba, komanso amadetsa chimbudzi. Kuda kumeneku si matenda. Musasiye mapiritsiwo, poti kuchepa kwa magazi n'koopsa kwambiri kwa mayi ndi mwana kuposa kuuma kwa chimbudzi. Auzeni anamwino, onjezerani madzi ndi ndiwo zamasamba. Mayi amene akulakalaka dothi adziwe kuti dothilo limaumitsa m'mimba, ndipo limalepheretsa thupi kutenga bwino ayironi, mchere woonjezera magazi wa m'mapiritsi aja.

Mankhwala amphamvu opha ululu, monga morphine, codeine ndi tramadol, amachedwetsa kayendedwe ka matumbo. Thupi silizolowera vuto limeneli ngakhale munthu amwe kwa miyezi, n'chifukwa chake wodwala amene akumwa morphine amayenera kupatsidwa mankhwala ofewetsa chimbudzi kuyambira tsiku loyamba. Amene mukudwazika matenda kunyumba, funsani za mankhwala amenewa musanachoke kuchipatala. Ena oumitsa m'mimba ndi amitriptyline, Piriton, mankhwala a chilungulira okhala ndi aluminium kapena calcium, ndi loperamide woletsa kutsegula m'mimba, amene anthu amakonda kupitiriza kumwa kutsegulako kutatha kale.

Tsopano za ufa. Chimanga chikakonoledwa, gaga amachoka, ndipo gaga ndiye amasunga madzi m'matumbo kuti chimbudzi chikhale chofewa ndi chochuluka. Nsima ya ufa woyera ndi usipa, m'mawa tiyi ndi buledi woyera kapena mandasi, masiku angapo motsatizana, ndi chakudya choumitsa m'mimba kotheratu. Munthu wamkulu amafunika magalamu 25 mpaka 30 patsiku a zakudya zamtundu wa gagazi, zimene matumbo sazigaya. Simukusowa sikelo. Phala la m'mawa likhale la mgaiwa. Ngati apabanja sakonda nsima ya mgaiwa, sakanizani theka mgaiwa, theka ufa woyera. Nyemba, khobwe kapena nandolo zipezeke pambale masiku ambiri, pamodzi ndi nkhwani, bonongwe, chisoso, kholowa kapena therere. Mbatata yotsuka bwino idyeni ndi khungu lake. Papaya wakupsa ndi mango amathandiza. Nthochi zosapsa bwino zimaumitsa anthu ena.

Apa pali msampha. Mukasintha zonsezi tsiku limodzi, mimba imafufuma ndi mpweya, mukhoza kuganiza kuti mgaiwa wakukanani. Onjezerani pang'onopang'ono kwa masabata awiri. Ndipo gaga wopanda madzi amaumitsa zedi. Imwani malita 1.5 mpaka 2 patsiku, kuposerapo mu Okutobala kapena pogwira ntchito yakumunda. Mkodzo ukakhala wachikasu chodera, madzi akuchepa. Amene adokotala anawaletsa madzi ambiri chifukwa cha mtima kapena impso atsatire za adokotalawo.

Matumbo amatakataka kwambiri munthu akangodya, makamaka m'mawa, choncho pitani kuchimbudzi pakatha mphindi 20 kapena 30 mutadya kadzutsa. Kunyonyomala kwa pachimbudzi chokumba ndiye kakhalidwe kabwino. Pachimbudzi chamadzi pondani pakampando kuti mawondo akwere kuposa chiuno. Pakatha mphindi 10 osatuluka kanthu, nyamukani, chifukwa kudzikakamiza kumayambitsa matenda a mudzi ndi kung'ambika kotulukira. Ana asukulu ambiri amadzigwira tsiku lonse poopa zimbudzi zauve, ndipo chimbudzi chikawapweteka kamodzi amayamba kuchiopa, vuto n'kumakula.

Khanda loyamwa bere lokha likhoza kutha masiku angapo osachita chimbudzi, ndipo palibe chodetsa nkhawa ngati likuyamwa bwino, mimba ili yofewa, chimbudzi chikabwera chili chofewa. Musalipatse madzi kapena phala lisanakwane miyezi 6. Mkaka wa m'chitini ukachuluka ufa umaumitsa, tsatirani muyeso wolembedwa pachitinipo. Koma khanda limene lapitirira maola 48 chibadwire osatulutsa chimbudzi chakuda choyamba chija lionedwe kuchipatala msanga. Musalowetse sopo kapena kupopera mankhwala azitsamba kumatako kwa mwana, zimaotcha matumbo.

Zakudya zikalephera, mankhwala alipo. Bisacodyl, mamiligalamu 5 mpaka 10 kwa munthu wamkulu, amamwedwa usiku ndipo amagwira ntchito m'mawa wake. Lactulose amatha kutenga masiku awiri, choncho musathamangire kuonjezera muyeso. Onse awiriwa ndi omwa masiku ochepa, pokhapokha achipatala atanena kuti mupitirize.

Pali pamene mankhwalawa sayenera kumwedwa n'komwe. Mimba ikatupa n'kulimba, kupweteka kwambiri, munthu akusanza, ndipo ngakhale mpweya sukutuluka, mwina matumbo apotana kapena atsekeka. Kupotana kwa matumbo aakulu kumaoneka kawirikawiri m'zipatala zathu, makamaka kwa abambo, ndipo kuchedwa kumaoletsa matumbo. Wodwalayo asadye, asamwe kanthu, apite tsiku lomwelo kuchipatala chimene amachita opaleshoni. Magazi m'chimbudzi, kuwonda kosadziwika chifukwa, kapena kuuma kumene kwayamba mwatsopano kwa munthu wopitirira zaka 50 n'kukhala masabata angapo, nazonso zimafuna kupimidwa.