Momwe mungakonzere kiyibodi ya ZX Spectrum ndi Commodore 64

Kompyuta yakale ikayaka bwinobwino koma batani lina n'kumakana kulemba, ambiri amayamba kulikanikiza mwamphamvu. Musatero, mungothyola zinthu zimene masiku ano n'zovuta kupeza. Makina awiriwa anatuluka chaka chimodzi, 1982, koma zimene zili pansi pa mabatani ake n'zosiyana kotheratu, ndipo mawonongekedwe ake ndi osiyananso. Choncho musanagwire sikuludilaiva, dziwani kaye kuti kiyibodi yanu ndi ya mtundu wanji.

Yambani ndi magetsi

Adaputa ya Commodore 64 ikakalamba imatha kutulutsa mphamvu yoposa 5V n'kuwotcha machipi, ndiye iyezeni kaye ndi mita musanailumikize. Spectrum imafuna 9V, koma kapini kapakati ka pulagi yake ndi ka negetivu, mosiyana ndi maadaputa ambiri amene tili nawo m'nyumba. Mukangotenga iliyonse chifukwa yakwana pabowo, mwapha makina.

Lembani mabatani amene afa

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse, ndipo ambiri amadumphapo. Yatsani kompyuta, dinani batani lililonse, ndipo lembani papepala amene sakugwira. Makompyuta amenewa alibe waya wa batani lililonse palokha. Mabatani anawayala m'mizere yopingasana, ndipo kompyuta imazindikira batani poona mizere iwiri imene yakhudzana.

Spectrum ya kampani ya Sinclair ili ndi mabatani 40, m'magulu 8 a mabatani asanuasanu. Mukaona kuti Q, W, E, R ndi T afera limodzi, kapena 1 mpaka 5, dziwani kuti mzere umodzi waduka. Akafa 1, Q, A, CAPS SHIFT, 0, P, ENTER ndi SPACE, waduka ndi mzere wa mbali inayo. Mabatani enieniwo alibe vuto. Koma batani likafa lokhalokha, kapena likamagwira pokhapokha mwalipanikiza, ndiye kuti vuto lili pansi pa batani lomwelo.

Spectrum: sinthani membrane

Mabatani a Spectrum ndi chimphira chimodzi chofewa. Pansi pake pali membrane, timapepala ta pulasitiki tosanjikizana tokhala ndi mizere yodutsa magetsi. Ku membrane kumachokera malamba awiri opyapyala, wina wa mizere 5 wina wa mizere 8, amene amalowa m'masoketi a pa bolodi. Kutentha kwa m'kati, kwa zaka zonsezi, kumaumitsa malambawa mpaka kung'aluka pamene apindikira.

Tembenuzani makina, masulani masikuluwu asanu a pansi, kenako tukulani chivundikiro pang'onopang'ono, chifukwa malamba aja ndi aafupi. Ine tsiku loyamba ndinatukula mwachangu, ndipo lamba anathetheka m'manja ngati tsamba louma la chimanga. Zinandipweteka mtima, chifukwa ndinali ndisanaone n'komwe pamene panali vuto.

Solani lamba aliyense mowongoka, mutamugwira mbali zonse ziwiri, ndipo muyang'aneni powala. Mng'alu ukakhala kufupi ndi kumapeto, mukhoza kudula kachidutswako ndi sizasi n'kubwezera lambayo, bola akhale akufikabe. Kumeneko n'kungozigamba. Membrane zatsopano zimapangidwabe ndipo zimagulitsidwa pa intaneti, makamaka ku Britain kumene makinawa anachokera, kotero ngati muli ndi m'bale kumeneko, mutumeni.

Kuti musinthe, muyenera kuchotsa chitsulo chopyapyala cha pamwamba, chija cholembedwa mawu amitundumitundu. Pa makina ambiri anachimata ndi tepi. Chifunditseni ndi chowumitsira tsitsi, kenako lowetsani kakhadi ka pulasitiki pansi pake mukuyenda pang'onopang'ono. Chikapindika sichiwongokanso bwino. Chotsani chimphira, chitsukeni ndi madzi a sopo, chiume gwa, ikani membrane yatsopano, ndipo polowetsa malamba musawapinde mwamphamvu.

Commodore 64: tsukani, musasinthe

Iyi ili ndi mabatani 66 olimba, ooneka ngati a taipi. Batani lililonse lili ndi sipuling'i ndi kandodo ka pulasitiki, ndipo kunsi kwa kandodoko kuli kamphira kakuda kodutsa magetsi. Mukadina, kamphirako kamagunda timizere tiwiri ta pa bolodi n'kutilumikiza. Fumbi ndi litsiro zikaunjikana pamenepo, batani limayamba kuuma mutu.

Choyamba zulani joyisitiki, kachipangizo kosewerera magemu, ngati ilipo. Ikakhala m'soketi yoyamba ya joyisitiki imagwiritsa ntchito mizere yomweyo ya kiyibodi, ndipo imatha kulemba zilembo zimene simunadine.

Masulani masikuluwu atatu a pansi chakutsogolo, tukulani chivundikiro, ndipo zulani waya wa kanyali ndi pulagi yaitali ya kiyibodi, mutaijambula kaye pafoni kuti mudzakumbukire mmene inalowera. Kuseri kwa kiyibodi muona bolodi lomangidwa ndi timasikuluwu toposa 20. Tiikeni m'kambale, timasowa msanga. Musanatukule bolodi, pezani mawaya awiri owotcherera pansi pa SHIFT LOCK. Batani limeneli lokha lili ndi switchi yakeyake yotsekera, ndipo mawayawo muyenera kuwamasula ndi chowotcherera. Musachedwetse chitsulo chamoto pamenepo, pulasitiki ya switchiyo imasungunuka.

Tsopano tengani isopropyl alcohol, yemwe uja okonza mafoni amatsukira mabolodi, ndi kathonje kotokosera m'khutu. Pukutani malo onse ogundapo mabatani, mopepuka, mpaka thonje lisiye kuda kwambiri. Timphira nato tipukuteni kamodzi kapena kawiri basi. Sandipepala ayi, amapalula chimene chimadutsa magetsicho. Kamphira kakakhala kosalala mpaka kunyezimira, kakhuleni pang'ono papepala loyera wamba. Zikauma, bwezerani timasikuluwu tonse, chifukwa mukasiyako tina bolodi limatalikira ndipo mabatani a pamenepo amayambanso kuvuta. Wotchererani mawaya a SHIFT LOCK, lumikizani, ndipo yesaninso batani lililonse motsatira pepala lanu lija.

Ngati mabatani ambiri a mzere umodzi akadali chete mutatsuka, yezani mawaya a pulagi ija ndi mita. Akakhala bwino, kayikirani chipi cha 6526, chimene pa bolodi lalikulu chalembedwa kuti U1, chifukwa ndi chimene chimawerenga kiyibodi. Batani la RESTORE musaliweruzire limodzi ndi enawo. Lili ndi waya wake, sililemba kanthu, ndipo mumaliyesa polimenya mwachangu mutagwira RUN/STOP. Pa makina ambiri akale kungolidina mofatsa silimva, ngakhale lili labwinobwino.

Mwina mwapeza kompyuta ina, BBC Micro ya kampani ya Acorn, ya 1981, ija ya mabatani ofiira pamwamba. Imeneyo batani lililonse lili ndi switchi yake yowotcherera pa bolodi. Donthezani mankhwala otsukira maswitchi, dinani kambirimbiri, ndipo ikakanabe yang'anani ngati powotcherera pake sipanang'aluke musanaganize zoisintha.