Kulumikiza pampu yodzipopera yokha madzi m'boti

Ambiri aife timasiya maboti ku Lake Chivero kapena ku Manyame n'kubwerera kuno ku Harare kukagwira ntchito. Kuyambira Novembala mpaka Malichi mvula imagwa inu muli mtulo ku Highfield, ndipo madzi onse amakasonkhana pansi kumbuyo kwa boti. Pampu yoti mpaka munthu ayatse siithandiza pamenepo. Ikufunika yoyaka yokha.

Pezani pampu ya 12V, float switch (kaswichi koyandama komwe kamayatsa pampu madzi akakwera), swichi ya mbali zitatu (ON, OFF, AUTO), mafyuzi awiri a mphamvu yomwe yalembedwa pa pepala la pampuyo, ndi waya wa m'madzi, wakopa wokutidwa ndi tini. Waya wa galimoto musiyeni. Mkati mwake mumachita dzimbiri lobiriwira kunja kukuoneka bwinobwino.

Yambani mwachotsa waya wa negative ku batire. Mangani pampu pamalo otsikitsitsa, float switch pambali pake, pomwe palibe waya kapena paipi yoitchinga ikamakwera. Waya wakuda wa pampu upite ku negative. Wa bulawuni ndiye wa positive, ndipo mukawasinthanitsa pampu imalira ndithu koma ikuzungulira chobwerera, madzi n'kumatuluka pang'ono chabe.

Apa ndiye pamene ndimalimbana napo anthu. Waya wa bulawuniwo umalandira moto kuchokera njira ziwiri. Yoyamba imachoka pa ON ya swichi kupita ku pampu, yoti muziyatsa nokha. Yachiwiri imachoka pa AUTO, kudutsa mu float switch, kenako n'kukakumana ndi inzake ija. Moto wopita ku swichiyo uchoke pa batire penipeni, usadutse pa kiyi wa injini kapena pa swichi yaikulu yozimitsa magetsi onse. Ndaonapo maboti olumikizidwa mwaukhondo, koma mwini akangozula kiyi pampu nayo yagona. Ine ndimakonda kuti float switch ikhale ndi waya wakewake wochoka ku batire, ndi fyuzi yake, kuti ngakhale mwana aseweretse swichi n'kuisiya pa OFF, madzi akakwera pampu iyakebe. Fyuzi ikhale pafupi ndi batire, osapitirira masentimita 18, chifukwa ntchito yake n'kuteteza waya kuti usapse. Musaike yaikulu kuposa yolembedwayo: pampu ikatsamwa, fyuzi yaikulu siiduka, mota ndiyo imatentha.

Polumikiza mawaya, kupotokola ndi zala n'kukulunga tepi ayi, achimwene. Finyani ndi makonekitala a heat shrink (amene amafinyika akatenthedwa) okhala ndi guluu mkati, muwawambe mpaka guluuyo atatulukira m'mphepete, kenako mangirirani mfundozo m'mwamba pomwe madzi safika. Waya ukakhala wautali, tengani wonenepa, chifukwa wowonda umadya moto m'njira ndipo pampu imafooka.

Paipi ikhale yaifupi, yosalala mkati, yosapindika, ndipo itulukire pamwamba pa pomwe madzi amalekeza ngakhale boti litadzaza anthu ndi katundu. Pampu yolembedwa 500 GPH (magaloni 500 pa ola) ndi malita pafupifupi 1,900 pa ola, koma imeneyo ndi nambala yopanda paipi. Ikayamba kukweza madzi imapopa ochepera pamenepo, choncho gulani yokulirapo.

Bwezerani negative, thirani ndowa zingapo za madzi m'botimo, kiyi ali m'thumba. Pampu iyake yokha, ipope, izime yokha. Ikamangoyaka n'kuzima, ndiye kuti madzi a m'paipi akubwerera n'kukwezanso float. Kwezani float switch pang'ono kapena fupikitsani paipi.

Ku Chivero kuli namasupuni wambiri, ndipo timizu take, mamba a nsomba ndi twaini zimatseka sefa ya pansi pa pampu. Mukafika kunyanja, itsukeni, mukweze float ndi chala mumve ngati ikulira. Boti likakhala nthawi osayenda, kasola kakang'ono kokhala ndi regulator (kachipangizo koletsa batire kudzaza mopitirira) kamathandiza kuti batire lisaphwe.