Kasitomala akati kosi yanu sikumaliza, muyambire pati?

Pa kampani yaing'ono yopanga makosi a pa intaneti dandaulo lomwe limabwera kwambiri ndi ili: wophunzira wadutsa masamba onse, mayeso wakhoza, koma LMS, system ya kasitomala yomwe imasunga makosi ndi kulemba zomwe ophunzira achita, ikuonetsabe kuti sanamalize. Kasitomala amakhala atakwiya kale chifukwa abwana ake akufuna lipoti, ndipo poti muli anthu ochepa wolemba code yemweyo ndi amene akuyankha imelo. Ine ndimaona kuti zimenezo ndi zabwino ndithu, chifukwa munthu yemwe anamanga chinthucho ndi amene angaone msanga pomwe chavuta, bola akhale ndi njira yofufuzira osati kumangoganizira.

Musayankhe kuti "kwathu ikugwira bwinobwino", mawu amenewo sathandiza aliyense. Afunseni kuti LMS yawo ndi iti, browser yanji, vutoli ndi la ophunzira onse kapena ochepa chabe, ndiye muwapemphe zip yeniyeniyo ya kosi yomwe anakweza pa LMS, osati yomwe muli nayo inu pa kompyuta yanu. Nthawi zambiri munthu amamasula zip ija kenako n'kuipanganso, ndiye fayilo ya imsmanifest.xml, yomwe imauza LMS zomwe zili mu kosi, imakalowa mkati mwa foda ina pomwe imayenera kukhala pamwamba penipeni. Onaninso mayina a mafayilo, seva ya Linux imasiyanitsa zilembo zazikulu ndi zazing'ono, Index.html ndi index.html si fayilo imodzi.

Kenako dziwani kuti kosiyo ndi ya SCORM yanji, SCORM ndi muyezo wa mmene kosi ndi LMS zimalankhulirana. Muyezo umenewu unachokera ku ADL, nthambi ya unduna wa zachitetezo ku America, SCORM 1.2 inatuluka mu 2001 kenako kunabwera SCORM 2004, ndipo ziwirizi sizilankhula mofanana. Mu 1.2 kosi imafunafuna chinthu cholankhulirana ndi LMS chotchedwa API n'kuitana LMSInitialize kuti ziyambe kulankhulana, mu 2004 dzina lake ndi API_1484_11 ndipo imaitana Initialize. Ikapanda kuchipeza kosi imatseguka ngati zonse zili bwino, wophunzira akuwerenga, koma palibe chomwe chikulembedwa. Izi zimachitika kwambiri kosi ikakhala pa domain (adiresi ya pa intaneti) ina LMS ili pa ina, browser imakana kuti ziwirizo zikhudzane.

Tsopano pomwe pali nkhani yaikulu ndi pa status. SCORM 1.2 ili ndi malo amodzi okha, cmi.core.lesson_status, ndiye passed, failed, completed ndi incomplete zonse zimalimbirana malo omwewo. Kosi yanu ikalemba passed kenako patsamba lomaliza n'kulembanso completed yafufuta kukhoza kuja, ndipo ngati kasitomala anasankha kuti LMS idikire passed, adikira mpaka kalekale. Komanso mu imsmanifest.xml muja mukakhala masteryscore, nambala ya malikisi okhozera, LMS ikhoza kusintha status yokha poyerekeza malikisi a wophunzira ndi nambala imeneyo ngakhale kosi yanu inanena zina. SCORM 2004 inagawa pawiri, completion_status ndi success_status, zomwe ndi zanzeru, koma ndiye muwafunse akasitomala kuti lipoti lawo likuwerenga iti mwa ziwirizo, chifukwa ambiri akamati "kumaliza" akutanthauza kukhoza mayeso.

Ngati dandaulo ndi loti wophunzira akabwerera akuyambiranso pachiyambi, yang'anani zinthu ziwiri. Kosi ikuyenera kuika exit kukhala suspend isanatseke, kuuza LMS kuti wophunzira wangoimitsa, abweranso. Ndiye pali suspend_data, mmene mumasungidwa zoti munthu wafika pati, mu SCORM 1.2 malire ake ndi zilembo 4096 basi, pomwe mu 2004 3rd ndi 4th Edition ndi 64000. Kosi yaitali imadzaza 4096 ija pakati panjira, LMS ina imalolera koma ina imakana kapena kudula, ndiye kosi imodzimodzi ikuyenda kwa kasitomala uyu kwa winayo ayi. Mufupikitse zomwe mukusunga, kapena mugawe kosiyo pawiri, kapena mutulutse mu 2004 ngati LMS yawo imailandira yonse, chifukwa mwachitsanzo LMS ya Moodle imagwira bwino 1.2 koma 2004 siinamalizidwe yonse.

China chomwe ndimalimbikitsa kwambiri, musadikire kuti munthu atseke windo ndiye mutumize zonse. Kuyambira Chrome 80 mu 2020 browser simalolanso synchronous XHR, njira yotumizira data ku seva kwinaku mukudikira yankho, tsamba likamatsekedwa, ndiye data yomwe imadalira mphindi yomalizayo ikhoza kutayika. Itanani LMSCommit, youza LMS kuti isunge data, nthawi iliyonse pakachitika chinthu chofunika, akangomaliza mayeso pompo, ndipo ikani batani lotulukira looneka bwino lomwe limaitana LMSFinish, yotsekera kulankhulana ndi LMS.

Kuti mudziwe ngati vuto ndi lanu kapena la LMS, kwezani zip yomweyo pa SCORM Cloud, tsamba la kampani ya Rustici Software loyesera makosi, yendani kosi yonse ngati wophunzira kenako werengani log mzere ndi mzere. Muona call iliyonse, chomwe yatumiza, ndi error ngati ilipo. Ikavutanso kumeneko vuto ndi lanu, vomerani lero lomwe ndipo muwauze tsiku lomwe muwatumizire yokonzedwa. Ikayenda bwino musathamangire kuloza chala kwa opanga LMS, tumizani log yanuyo, pemphani yawo, muziike pamodzi muone mzere womwe zayamba kusiyana. Munthu wa support wa mbali inayo amathandiza msanga mukamupatsa mzere weniweni kusiyana ndi kumuuza kuti system yake ndi yowonongeka.

Ena pofika apa amati tingosamukira ku xAPI basi. Inde xAPI, muyezo wina womwe unatuluka mu 2013, imalemba ndani wachita chiyani n'kutumiza ku LRS, malo osungira zolembedwazo, ndipo siivutika ndi nkhani ya domain ija, pomwe muyezo wa cmi5 wa mu 2016 unaika malamulo a mmene LMS izitsegulira makosi oterowo. Koma ngati LMS ya kasitomala imangodziwa SCORM 1.2 ndiye 1.2 yomweyo muikonze bwino.

Polemba yankho kwa kasitomala iwalani mayina onse a cmi aja. Auzeni chomwe chinachitika m'ziganizo ziwiri, choti achite iwo, komanso zomwe zichitikire ophunzira omwe anamaliza kale, chifukwa kukweza zip yatsopano sikusintha zomwe zinalembedwa kale ndipo mwina pafunika admin wawo awachongere pamanja mmodzimmodzi.