Kuwerenga mbalame mu Januwale ku Britain: ola limodzi basi

Inu amene muli ku Britain, kumapeto kwa Januwale bungwe loteteza mbalame la RSPB limachititsa kalembera wa mbalame wotchedwa Big Garden Birdwatch, yemwe adayamba mu 1979. Mumawerenga nokha mbalame zotera pabwalo panu n'kutumiza zotsatira ku bungweli. Salipiritsa. Ngati mulibe bwalo kuseri kwa nyumba, khonde la fulati kapena paki n'zokwanira.

Sankhani ola limodzi. M'mawa ndiye bwino, poti mbalame zimadzuka ndi njala usiku ukazizira.

Pomwe ambiri amaphonya ndi apa: musawonkhetse zonse zimene mwaona. Pa mtundu uliwonse lembani chiwerengero chachikulu chimene chaoneka nthawi imodzi. Zikatera mpheta 3, n'kuuluka, kenako n'kubwera 5, mulembe 5 osati 8, chifukwa mwina ndi zomwe zija zabwerera ndi anzawo. Zongodutsa m'mwamba zisiyeni, werengani zotera zokha.

Chenjeraninso ndi zofanana. Dunnock imaoneka ngati mpheta, koma mlomo wake ndi woonda, mutu ndi chifuwa n'zotuwa, ndipo imakonda kutolatola pansi m'munsi mwa zitsamba. Blackbird yaikazi si yakuda ayi, ndi yabulauni, musaiyese mtundu wina.

Ngati mukuziikira chakudya, yambani kudakali masiku angapo kuti zizolowere malowo. Chodyeracho muzitsuka sabata iliyonse, chifukwa matenda a trichomonosis amafalikira pa zodyera zauve ndipo apha mbalame zambiri zotchedwa greenfinch. Madzi akumwa akaundana, thiranipo ofunda.

Ola likatha popanda ngakhale imodzi yotera, tumizanibe zotsatirazo pa intaneti, RSPB imazifunanso.