Dokotala akangokupatsani panado osakumvetserani

Ambiri mwa ife tinakula tikudziwa kuti ndi dokotala sutsutsana naye. Akanena umavomera, n'kutuluka ukuthokoza ngakhale mtima usanakhutire. Ulemu umenewu si woipa, koma kuno kunja ungakupweteketseni. Kwa GP wa ku England, dokotala amene mumayambira kuonana naye mukadwala, nthawi zambiri mumapatsidwa mphindi 10 zokha, ndipo amene wangoti phee amayesedwa kuti wakhutira.

Munthu amene sakukumvetserani amadziwika msanga. Amakudulani musanamalize kufotokoza. Asanakupimeni n'komwe wagamula kale kuti ndi nkhawa, kutopa ndi ntchito kapena kuzizira kwa kuno. Mukabwerera kachiwiri, kachitatu, yankho ndi panado yemwe uja. Komatu si dokotala aliyense wonena kuti palibe choopsa amene akukunyalanyazani. Wabwino amakuuzani chifukwa chake, zizindikiro zoti muziyang'anira, ndi nthawi yoti mubwerenso zikapitirira. Mukatuluka opanda zitatu zimenezi, dziwani kuti nkhani sinathe.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi malungo. Mwapita kumudzi kukaona makolo kapena ku maliro, mwabwerako, thupi layamba kutentha, mutu ukuwawa, m'mfundo mukuphwanya. Dokotala wa ku Leeds kapena Dublin, amene mwina patha zaka asanaonepo wodwala malungo, aganiza za chimfine. Malungo a kwathu ambiri ndi a mtundu wa falciparum, ndipo amatha kupha munthu m'masiku ochepa. Ife timawaderera poti tinakula nawo, kuiwala kuti chitetezo chimene thupi linali nacho chimazilala ukakhalitsa kudziko kopanda malungo, ndipo ana obadwira kuno alibiretu. Musadikire kufunsidwa. Mawu anu oyamba akhale akuti mwangochokera ku Malawi, kumene kuli malungo, ndipo mukufuna kuyezedwa magazi lero lomwe. Zotsatira zoyamba zikasonyeza kuti mulibe koma thupi likutenthabe, amayenera kuyezanso. Ngati munasamba m'nyanja ku Mangochi kapena ku Nkhata Bay, tchulaninso likodzo, chifukwa ambiri kuno saliganizira.

Khungu lathu nalo limasokoneza amene anaphunzira ndi zithunzi za azungu. Zotupa zimene pa mzungu zimafiira, pa ife zimangoderapo. Kachipangizo kopanira chala koyezera mpweya m'magazi kamatha kuonetsa kuti muli bwino pomwe mpweya watsika. Ngati mukubanika, nenani kuti mukubanika, ngakhale nambala ikuoneka yabwino.

Izi si zongoganizira. Mu 2019, Evan Nathan Smith, mnyamata wa zaka 21 wodwala matenda a magazi a sickle cell, anaimba 999, nambala ya zadzidzidzi, ali gone pabedi m'chipatala ku London atamanidwa okosijeni, ndipo pambuyo pake anamwalira. Malipoti a MBRRACE-UK, gulu lofufuza za imfa za amayi oyembekezera ndi makanda ku UK, akhala akusonyeza chaka ndi chaka kuti amayi akuda amamwalira kwambiri pa nthawi ya pakati ndi pobereka poyerekeza ndi azungu. Amayi oyembekezera, mutu ukamawawa kwambiri, maso akuchita chidima, nkhope ndi manja zatupa, kapena mwana wachepetsa kugunda, musalole kuuzidwa kuti ndi mmene mimba imakhalira. Imbani kuchipinda cha amayi oyembekezera nthawi yomweyo, usiku kapena usana.

Popita kuchipatala lembani pakapepala tsiku limene vuto linayamba, mmene likusinthira ndi zimene lakulepheretsani. Kunena kuti simunagone masiku anayi kapena kuti mwalephera kukwera masitepe kumamveka kuposa kungoti thupi silili bwino. Akakuyankhani mopepuka, funsani modekha kuti kupatula chimene anenacho n'chiyaninso chingayambitse zimenezi. Akakana kukuyezani, pemphani kuti alembe m'fayilo yanu kuti munapempha ndipo anakana pa chifukwa chakuti. Pempho limeneli limachititsa ambiri kuganizanso. Mutha kupempha kuonana ndi dokotala wina, ndipo ngati Chingelezi chikukupingani, NHS, bungwe la boma loona za zipatala ku UK, imapereka womasulira mwaulere mukapempha pasadakhale. Mwana wanu asakhale womasulira wanu pa nkhani za m'thupi. Tengani munthu wamkulu wolimba pakamwa, akakumbutseni zimene mwaiwala.

Ku England kuli ndondomeko ziwiri zoti muzidziwe ndi mayina ake. Martha's Rule inayamba mu 2024, potsatira imfa ya Martha Mills, mtsikana wa zaka 13 amene anamwalira mu 2021 makolo ake akudandaula koma osamvedwa. Ngati wodwala wanu wagonekedwa ndipo mukuona kuti akufookerafookera, muli ndi ufulu woitanitsa gulu lina la madokotala kuti limuone mwachangu. Nambala yake imakhomedwa m'mawodi, ndipo mukaisowa funsani anamwino. Jess's Rule, ya mu 2025, imauza ma GP kuti wodwala akabwera katatu ndi vuto lomwelo osapeza chimene chikumuvuta, aganizenso mwatsopano. Dandaulo lina lokhudza chipatala chachikulu kayambireni ku ofesi ya PALS, yothandiza odwala ndi kumva madandaulo awo, m'chipatala momwemo.

Abale a ku Joni mavuto anu ndi olemererapo, poti ena amabwezedwa pageti penipeni chifukwa chokhala mlendo. Gawo 27 la malamulo aakulu a South Africa limati palibe munthu woyenera kukanizidwa chithandizo chamwadzidzidzi, ndipo silisankha kuti ndi nzika kapena ayi. Zikakuchitikirani, lembani tsiku, nthawi ndi dzina la amene wakubwezani, kadandauleni kwa mkulu wa chipatalacho, ndipo zikakanika pitani nazo ku ofesi ya Health Ombud, yofufuza madandaulo okhudza zipatala. Koma wodwalayo musabwerere naye kunyumba kukadikira yankho, thamangirani naye kuchipatala china tsiku lomwelo.